Lole ya Tenson Pamtsetse wa Gwiritsa

Dontho linagwa pamchenga Tenson Daka akuliyang'ana. Anadikira atagona chagada pansi pa lole yake, ndipo posakhalitsa linagwa lachiwiri. Anatambasula dzanja, kukhudza kapaipi kopita ku tayala lakumbuyo, n'kununkhiza chala. Sanali madzi, sanalinso oyilo wa injini. Anali mafuta a mabuleki.

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Novembala chaka cha 1956. Ku Feira, m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa, kunali kutatentha kale ngakhale dzuwa linali litangosuzumira pamapiri a tsidya la Zumbo. Lachiwiri lililonse lole ya Tenson inkanyamuka padooko ndi mitolo ya nsomba zouma pamodzi ndi eni ake kupita ku Lusaka, n'kubwerako Lachisanu ndi mchere, palafini ndi nsalu.

Tenson anaphunzira kuyendetsa galimoto ku usilikali pa nthawi ya nkhondo yaikulu. Atabwerako anagwira udalaivala ku Lusaka zaka zisanu, mpaka anagula lole imeneyi pamene boma linkagulitsa katundu wotsala wa asilikali. Inali itakalamba kale tsiku limene anaigula. Utoto wake wobiriwira unali utasuluka, ndipo kumbuyo inkakoka ngolo ya matayala awiri. Koma mwini wake ankaisamala ngati munthu. Lamlungu lililonse akachoka ku Misa ankavula jekete n'kupaka girizi paliponse pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake. Petulo ankasefa ndi chipewa chakale, madzi a mu rediyeta ankasefa ndi nsalu chifukwa madzi a Luangwa ndi amatope. Pa zaka zisanu sanaphonyepo Lachiwiri ngakhale limodzi m'chilimwe, ndipo ankasangalala anthu akamanena zimenezo.

Anapukuta kapaipi kaja n'kukayang'anitsitsa. Kanali katakhulika pa chitsulo cha pansi mpaka kubooka kabowo konga ka singano. Kapaipi kotere sikankapezeka ku Feira kapena ku Zumbo. Kutuma munthu pa njinga mpaka ku mlatho wa Luangwa kuti akakwere basi ya ku Lusaka kukanatenga sabata yathunthu. Mitambo nayo inali itayamba kuunjikana kwa masiku atatu, ndipo mvula yaikulu ikangogwa, timitsinje tinkadula msewu mpaka Epulo.

"Kapaipi kali ku Lusaka, inenso ndikupita ku Lusaka," anadziuza yekha. "Ndikagula komweko."

Analowa m'nyumba, natenga sopo, chidutswa cha chubu cha njinga ndi waya. Mkazi wake Annet, amene ankasesa pabwalo, anaimika tsache.

"Atate ake Luciana, sopo wanga mukupita naye kuti?" anafunsa, pomutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Motoka ikudontha pang'ono."

"Ikudontha chiyani?"

Tenson anakwawiranso pansi pa lole, kumata sopo pakabowo, kukulunga mphira molimba, n'kumanga ndi waya. Annet anagwada n'kusuzumira. Anali atakhala ndi dalaivala zaka khumi, ndipo ankadziwa kumene kapaipi kalikonse kankapita.

"Amenewo ndi mabuleki," anatero. "Muwauza anthu?"

"Ndikawauza achita mantha pachabe. Ndamanga bwino."

"Ngati mwamanga bwino, auzeni. Asankhe okha."

"Imwe, mwamva zimene akunena anthu padooko? Lole yatsopano ya mwini sitolo wa ku Lusaka yabwera kawiri kokha, dalaivala wake akuitcha kale yanga kuti agogo. Ndikalephera lero, onse asamukira kumeneko."

Annet anatola tsache lake. Mbatata zimene anamukonzera za paulendo anangoziika pampando wa lole osamupatsa m'manja monga ankachitira masiku onse.

Padooko anthu anali akudikira. Mabwato ochokera ku Zumbo anali atatsitsa kale mitolo ya nsomba za pende ndi mcheni, yokulungidwa m'bango n'kumangidwa ndi milaza. Woyamba kumulandira anali Mai Estela, mayi wamasiye wa thupi lalikulu ndi mawu akuthwa, amene ankagulitsa nsomba ku Lusaka kuyambira pamene lole ya Tenson inayamba kuyenda. Amalonda anzake ankamvera zimene iye wanena.

"Mwachedwa, a Daka," anatero. "Onani kumwambaku. Nsomba izi ndaziunjika miyezi iwiri. Zikagona pano dzinja lonse zidyedwa ndi mphutsi. Motoka ili bwino?"

"Ili bwino, mai. Kodi inakusiyanipo panjira?"

"Ai, sinandisiyepo. Manje lero mpando wanga wakutsogolo ndapatsa Thecla."

Thecla anali mwana wamkazi wa Mai Estela. Anali ndi khanda la miyezi inayi kumsana, ndipo ankapita kwa mwamuna wake wogwira ntchito ya njanji ku Lusaka, amene anali asanamuonepo mwanayo. Amuna anakweza mitolo m'lole ndi m'ngolo, kuphimba ndi tenti, ndipo anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi anakwera pamwamba pa katunduyo. Tenson anapukusa injini ndi chitsulo kutsogolo. Inakhosomola kawiri, kenako inalira.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Msewu unkatsata mtsinje wa Luangwa, kudutsa m'minda youma, m'mitengo ya masawu ndi malambe. Tenson ankaponda mabuleki kawirikawiri popanda chifukwa, kungofuna kumva ngati akugwira. Ankagwira. Pa kamtsinje koyamba anaima kuti athire madzi mu rediyeta, ndipo anthu ali kalikiliki kudziwongola, iye anawonjezera mafuta a mabuleki kuchokera m'kachitini kamene anabisa pansi pa mpando. Pa kamtsinje kachiwiri anateronso. Podutsa pa mishoni ya Katondwe dzuwa lili paliwombo, kachitini kanali katauma.

Atayenda mtunda pang'ono kuchoka ku Katondwe, mbuzi zinatulukira m'tchire n'kudutsa msewu. Tenson anaponda mabuleki, phazi lake n'kungotitimira mpaka pansi. Anapopa kachiwiri, kachitatu, ndipo pamenepo m'pamene lole inayamba kugwira. Mbuzi yotsiriza inapulumukira pansi penipeni pa bampala. Pamwamba pa katundu anthu anaseka ndi kuikuwiza.

Tenson sanaseke. Kutsogolo kunali mtsetse umene madalaivala ankautcha Gwiritsa, wautali, wamiyala, wokhota kawiri, phompho lili kumanja ndipo kamtsinje kali pansi pake. Anayamba kudziwerengera. Akalowa ndi giya yoyamba, akapopa msangamsanga, akathandiza ndi buleki ya dzanja, mwina atha kutsika. Mwina. Akangowoloka kamtsinjeko, msewu unali wosavuta mpaka ku mlatho.

Thecla anali atamasula mwana n'kumuika pamiyendo. Kamwanako kankatakataka, kaphazi kake n'kumagunda dzanja la Tenson pa ndodo ya giya.

"Pepani, atate," anatero Thecla akubweza kaphaziko. "Akangomva injini sagona. Agogo ake akuti adzakhala dalaivala ngati imwe."

Tenson anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana msewu. Chitunda cha Gwiritsa chinali chitayamba. Anakwera pang'onopang'ono, ndipo atafika pamwamba, pamalo athyathyathya pamene malole ankapumira, anazimitsa injini lole ili m'giya, n'kukoka buleki ya dzanja. Anatsika, kuika mwala pa tayala, n'kuimirira pakati pa msewu.

"Tsikani nonse," anatero.

"Tayala laphulika?" anafunsa wina.

"Ai. Mabuleki atha. Sinditsika nanu pamtsetse uwu."

Anthu anatsika akung'ung'udza. Mai Estela anafika pafupi n'kugwira m'chiuno.

"Atha liti mabulekiwo?"

Tenson akanatha kunena kuti atha pa mbuzi paja, ndipo palibe akanamutsutsa.

"Kapaipi kanabooka. Ndinakaona m'mawa kunyumba, ndinamata ndi sopo ndi mphira. Ndimaganiza kuti tifika."

Kunkangomveka nyenje m'mitengo ya tsanya ndi injini ikuthetheka pozizira.

"M'mawa," anatero Mai Estela pang'onopang'ono. "Ndinakufunsani padooko paja ndi pakamwa pangapa, imwe n'kundiyankha kuti ili bwino. Ine n'kutenga mdzukulu wanga, kumuika pambali panu."

"Ndinalakwa, mai."

"Kulakwa? Munthu amalakwa asakudziwa. Imwe mumadziwa!"

Tenson anangowerama. Thecla anali atabereka mwana wake n'kukaima patali, pansi pa mtengo.

Pakati pa okwerawo panali Bonifasio, msodzi wa mapewa otakata amene ankapita kukagulitsa nsomba zake. Iyeyo ndiye anadula mkanganowo. Analoza kum'mawa, kumene mitambo inali itada bii, ndipo mphepo yonunkha mvula inali itayamba kuwomba.

"Milandu tikamba pambuyo," anatero. "Manje tichita chiyani? Mvula ija ikatipeza pano, kamtsinje kadzaza, nsomba zonse ziwolera paphiri pompano."

Anakambirana mwachangu. Tsidya la kamtsinjeko kunali msasa wa anthu okonza msewu, wokhala ndi chisakasa chachikulu chimene katundu akanabisalamo. Kusenza mitolo yonse pamutu mpaka kumeneko kukanatenga tsiku lathunthu. Tenson ananena kuti atsika yekha ndi lole, katundu ali momwemo, anthu atsatire pansi. Kunkhondo anaonapo madalaivala akumangirira mtengo kumbuyo kwa galimoto yopanda mabuleki kuti uzikokera m'mbuyo. Amuna anadula tsanya wamkulu, kumusiya ndi nthambi zake, n'kumumangirira kumbuyo kwa ngolo ndi chingwe chokokera.

"Mulamu, musakakamize," anatero Bonifasio. "Zikavuta, lumphani."

Tenson anakwera, kulowetsa giya yoyamba, Bonifasio n'kuchotsa mwala uja.

Chigawo choyamba anatsika bwino. Injini inkabangula, mtengo ukukwekwereza kumbuyo n'kuutsa fumbi lofiira. Anakhota koyamba. Kenako mtengo unakodwa pamwala wotuluka m'mbali mwa msewu, chingwe chinakungika, n'kuduka ndi phokoso longa mfuti. Ngolo yodzaza nsomba inakankha lole kumbuyo. Injini inalira mopitirira, ndodo ya giya inanjenjemera m'dzanja la Tenson, kenako inadumpha yokha. Lole inayamba kuthamanga. Anapopa mabuleki, palibe. Anakoka buleki ya dzanja ndi mphamvu zake zonse, inangonunkha kupsa.

Pokhota pachiwiri panali pafupi, ndipo kuseri kwake kunali phompho. Tenson sanalumphe. Anapotoza chiwongolero kumanzere n'kulunjika lole kukhoma la phiri.

Anthu amene ankatsika pansi anamva chiphokoso cha zitsulo ndi magalasi. Atathamangira kumeneko anapeza lole itatsamira pathanthwe, nthunzi ikutuluka kutsogolo. Ngolo inali itagubuduka, mitolo itamwazikira m'phompho. Mbali yakumanzere, pamene Thecla anakhala ndi mwana kuyambira m'mawa, inali itaphwanyikira mkati mpaka mpando kupindika pakati. Bonifasio anatsegula chitseko cha dalaivala ndi nkhwangwa. Tenson anali moyo, magazi ali pamphumi, mkono wamanzere ukulendewera mokhota.

Mai Estela anafika akupuma mwawefuwefu. Anayang'ana mpando uja nthawi yaitali. Kenako anamasula duku lake n'kumupatsa Bonifasio kuti amange bala la pamphumi.

Mvula inayamba asanamalize kumanga mkonowo ndi timitengo. Inagwa yamphamvu, yoyamba ya chaka. Amayi anatsetserekera m'phompho kutola zimene akanatha, koma bango linali litamasuka, ndipo nsomba zambiri zinapita ndi madzi amatope. Amuna anayi anang'amba tenti, kupanga machila, n'kumunyamula Tenson kubwerera naye ku Katondwe, kumene a kuchipatala cha mishoni anamumanga mkonowo bwinobwino.

Annet anafika patapita masiku awiri, atakwezedwa pa njinga ya mlongo wake. Anabwera ndi zovala ndi nkhani. Okwera otsala anagona kumsasa kuja. Thecla anayenda pansi ndi mwana mpaka ku mlatho, n'kukwera galimoto ina ya ku Lusaka. Mai Estela anataya mitolo isanu mwa isanu ndi itatu, ndipo ena anataya zonse. Ku Feira nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati a Daka anapulumutsa anthu, ena ankati a Daka anatsala pang'ono kupha anthu.

"Nanga imwe mukuti bwanji?" anafunsa Tenson.

"Ine ndikuti onse akunena zoona," anayankha Annet, akupinda malaya ake.

Dzinja lonse lole inakhala pansi pa mlambe m'mudzi wapafupi ndi Gwiritsa, kumene amuna a m'mudzimo anaikokera ndi zingwe. Mavu anamanga zisa m'kati mwake, nkhuku zinkaikira pansi pake. Mkono utayamba kugwira, Tenson anasamukira komweko. Anatuma mphunzitsi wina wopita ku Lusaka kuti akamugulire timapaipi ta mabuleki, osati kamodzi koma tonse. Rediyeta anaiwotcherera ndi mtovu, giya anaimasula n'kusintha chitsulo chimene chinali chitadyeka. Bonifasio, amene nayenso anataya nsomba tsiku lija, ankabwera pa njinga kudzamugwirira zolemera. Anawongola chitseko ndi nyundo pa chitsa, koma sichinabwerere mwakale. Ngolo inali itapindika msana, ndipo anaisiya pomwepo.

Madzulo ena Bonifasio anamufunsa chifukwa chimene sanalumphire tsiku lija.

"Ndimaganiza za nsomba za anthu," anatero Tenson. Anapukuta sipanala. "Koma m'mawa muja ndimaganiza za dzina langa lokha."

Msewu unatseguka kumapeto kwa Epulo. Lachiwiri loyamba Tenson anafika padooko molawirira. Lole yatsopano ija inali itafika kale, yofiira, yonyezimira, ndipo anthu ankakankhana kukweza mitolo. Kumbali kwa Tenson kunalibe munthu. Anatsegula kutsogolo, kuyang'ana oyilo, kuzungulira matayala onse akuwagogoda ndi chitsulo, kenako n'kukhala pa sitepe kudikira.

Dzuwa litakwera anaona Mai Estela akubwera, amuna awiri akumusenzera mitolo itatu. Anali asanalankhulane chichitikire ngozi ija. Mayiyo anaimika amunawo pakati pa malole awiriwo, n'kuyenda yekha kufika pamene panali Tenson. Anthu ena anasiya kukweza n'kusendera pafupi kuti amve.

"Mkono uli bwanji, a Daka?"

"Ukugwira, mai. Umangowawa kukazizira. Mdzukulu ali bwanji?"

"Akukwawa." Mai Estela anayang'ana lole kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Motoka ili bwino?"

Tenson anaimirira n'kuvula chipewa.

"Mabuleki ndi atsopano onse, ndawayesa pa Gwiritsa katatu, lole itadzaza miyala. Giya sikudumphanso. Rediyeta ikutaya madzi pokwera phiri, ndiye tiziima kawirikawiri, ku Lusaka tifika mochedwa kuposa inayo. Tayala lakumbuyo kumanzere ladyeka. Lifika, koma likaphulika ndili nalo lina limodzi lokha. Chitseko chanu sichitsekeka bwino, ndimamanga ndi chingwe. Mvula ikagwa, padenga pakudontha."

Dalaivala wa lole yofiira anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amalonda awiri amene anali atasendera ndi katundu wawo anayang'anana, n'kubwerera kumene anachoka. Tenson anawaona akupita, koma sanawaitane.

"Palinso china?" anafunsa Mai Estela.

"Hutala salira. Ndizimenya chitseko ndi dzanja."

Mai Estela anatafuna kamtengo kamene kanali m'kamwa mwake. Kenako anatembenukira kwa amuna ake aja.

"Mitolo iwiri kwezani muno. Wachitatu ukwere yofiirayo."

"Nanga imwe mukwera iti, mai?" anafunsa mmodzi wa amunawo.

"Kumene kuli iwiri," anayankha. "Bweretsani chingwe cha chitsekocho, a Daka, ndimanga ndekha."

Bonifasio anakweza mtolo wake, ndipo amayi ena atatu amene sanapeze malo m'lole yofiira anatsatira. Tenson ananyamula yekha mitolo iwiri ya Mai Estela, mkono ukumubaya, n'kuimanga pakati pamene fumbi silifika. Lole yofiira inanyamuka yoyamba, ikuliza hutala, anthu ali thothotho pamwamba. Tenson anadikira kuti fumbi lake litsike. Kenako anapukusa injini, kukwera, n'kuyamba ulendo wa ku Lusaka ndi anthu asanu, lole ili theka.